Mtovu m'dothi, m'penti ndi m'wanja: momwe makina am'manja amaupezera



Masabata angapo apitawo, tikuphunzira za ukhondo m'kalasi ya Fomu 3, mtsikana wina anaimika dzanja n'kufunsa kuti: "A Ustadh, kodi n'zoona kuti wanja amene timapaka m'maso ali ndi poizoni?" Nkhaniyi anaimva kwa azakhali ake amene ndi namwino. Ndinamuyankha kuti wanja wina ali nayedi, wina alibe. Iye sanakhutire, ndipo anafunsanso kuti: "Nanga munthu angasiyanitse bwanji, poti yense ndi wakuda?" Funso lachiwirili ndi limene landichititsa kulemba nkhani ino. Poizoni amene ankanenayo ndi mtovu, ndipo yankho lake n'lakuti ndi maso sitingasiyanitse. Pamafunika kuyeza. Masiku ano kuli makina onyamula m'manja amene amayeza pomwepo, pakhomo kapena pamsika, ndipo ndikufuna tione momwe amagwirira ntchito, zimene apeza m'mizinda ina, komanso zimene ife tingachite.

Mtovu ndi zimene umachita m'thupi

Mtovu ndi chitsulo chotuwa, cholemera, chofewa, chosachedwa kusungunuka pamoto. Amene mumachita Chemistry mumaudziwa ndi chizindikiro cha Pb, nambala 82 patebulo lija. Ndi umene uli m'kati mwa batire ya galimoto ndi mabatire ambiri a sola. Mtima wa pensulo si mtovu ayi, ndi chinthu china chotchedwa graphite, choncho a Fomu 1 musade nkhawa ndi mapensulo anu.

Thupi la munthu limafuna ayironi, kashiamu ndi zinki, koma mtovu lilibe nawo ntchito ngakhale pang'ono. Vuto ndi lakuti thupi limausokoneza ndi kashiamu, ndiye limaulandira n'kuusunga m'mafupa ndi m'mano kwa zaka zambiri. Mayi akakhala woyembekezera, mtovu umene unabisala m'mafupa ake umabwerera m'magazi n'kufika kwa mwana ali m'mimba.

Ana aang'ono ndi amene amavulala kwambiri. Amakwawa pansi, amaika zala ndi zidole m'kamwa, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti matumbo a mwana amayamwa mtovu kuwirikiza kanayi kapena kasanu kuposa a munthu wamkulu. Mtovu umawononga ubongo umene ukukula. Mwana amavutika kumvetsera ndi kusunga zimene waphunzira, magazi amamuchepa, ndipo nthawi zambiri palibe amene amaganizira za poizoni chifukwa mwanayo saoneka wodwala. Mtovu ukachuluka kwambiri mwana amasanza, amakomoka, mwinanso kumwalira. Kwa akuluakulu umakweza kuthamanga kwa magazi ndi kuwononga impso. Ubongo ukawonongeka ndi mtovu subwerera mwakale.

Mtovu wa m'magazi amauwerenga m'mamaikologalamu pa desilita imodzi ya magazi. Maikologalamu ndi gawo limodzi la galamu imene yagawidwa kamiliyoni, ndipo desilita ndi gawo limodzi la lita imene yagawidwa pakhumi. WHO imati palibe mlingo umene tinganene kuti ndi wabwino, koma mwana akafika pa 5 payenera kufufuzidwa kumene mtovuwo ukuchokera. Akafika pa 45 madokotala amaganizira zomupatsa mankhwala okoka mtovu m'magazi. Mu 2020 mabungwe a UNICEF ndi Pure Earth analengeza kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi, ana pafupifupi 800 miliyoni, ali pa 5 kapena kuposa.

Kabwe: mzinda umene unamangidwa pa mgodi

Chitsanzo chachikulu chili kwa anansi athu ku Zambia. Mzinda wa Kabwe, kumpoto kwa Lusaka, kale unkatchedwa Broken Hill. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka kumeneko mu 1902, ndipo mgodi ndi ng'anjo zake zinagwira ntchito zaka pafupifupi 90 mpaka kutsekedwa mu 1994. Utsi wa ng'anjo unkagwetsa fumbi la mtovu pa makomboni oyandikana nawo monga Chowa, Kasanda ndi Makululu. Mgodi unatsekedwa koma mtovu unatsala, pakuti mtovu suola. Mpaka lero pali mulu waukulu wa zinyalala za mgodi umene anthu amautcha Black Mountain, ndipo mphepo ya m'chilimwe imanyamula fumbi lake kupita nalo m'nyumba za anthu.

Ofufuza a pa University of Zambia ndi anzawo a pa Hokkaido University ya ku Japan anayeza magazi a ana oposa 200 a m'makomboni atatu aja, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2015. Ana onse anapitirira 5, ndipo ena anapitirira 100. Mu 2016 World Bank inavomera ngongole yoposa madola 60 miliyoni yothandiza boma la Zambia kukonza madera owonongeka ndi migodi, Kabwe ali m'gulu lomwelo.

Koma pokonza mzinda wa anthu oposa 200,000, muyambira pati? Dothi la bwalo lina lili ndi mtovu wochuluka, la bwalo lina chapatali pang'ono lili ndi wochepa, ndipo lonse limaoneka chimodzimodzi. Kutumiza dothi la khomo lililonse ku labotale kumadya ndalama zambiri ndi masabata ambiri. Apa ndi pamene makina am'manja anathandiza.

Momwe makina a XRF amagwirira ntchito

Makinawa amatchedwa XRF. Amaoneka ngati chobowolera matabwa cha magetsi, ali ndi chogwirira ndi kagalasi koonetsa manambala, ndipo amayendera batire. Woyeza amagunditsa kukamwa kwake pa dothi, pa khoma kapena pa kathumba ka ufa, n'kukanikiza batani.

M'kati mwake muli kachubu kotulutsa cheza cha X-ray, chofanana ndi chojambulira mafupa kuchipatala koma chochepa mphamvu. Chezacho chikagunda atomu, chimachotsa elekitironi imodzi ya m'kanjira ka pafupi ndi phata la atomuyo. Elekitironi ina ya kanjira ka kunja imatsika kudzatseka mpatawo, ndipo potsikapo imataya mphamvu yotsala ngati cheza china chimene chimabwerera kumakina. Chinsinsi chili apa: chitsulo chilichonse chimabweza cheza cha mphamvu yakeyake. Cha ayironi n'chosiyana ndi cha mkuwa, cha mkuwa n'chosiyana ndi cha mtovu, monga momwe mayi amazindikirira mawu a mwana wake pakati pa ana ambiri. Cha mtovu chimene makinawa amayang'ana kwambiri chili pa 10.5 ndi 12.6 pa muyezo wotchedwa keV. Makina amawerenga kuti cheza cha mphamvu imeneyo chabwera chochuluka bwanji, n'kutembenuza chiwerengerocho kukhala mlingo wa mtovu. Zonsezi zimatha pa theka la mphindi kapena mphindi imodzi, ndipo chinthu choyezedwacho sichiwonongeka.

Yankho limatuluka mu ppm, kutanthauza magawo pa miliyoni. Dothi la 400 ppm ndiye kuti kilogalamu imodzi ili ndi mamiligalamu 400 a mtovu. Dothi wamba losaipitsidwa limakhala ndi makumi ochepa chabe. Kwa zaka zambiri dziko la America linkagwiritsa ntchito 400 ppm ngati malire a dothi la pamalo osewerera ana, ndipo mu 2024 linatsitsa malirewo kufika pa 200. M'makomboni oyandikana ndi mgodi wa Kabwe makomo ambiri anapezeka ndi dothi la ppm masauzande.

Kuyeza dera lonse

Nambala imodzi siuza munthu zambiri. Oyeza amagawa dera m'mabokosi ngati pepala la magirafu, n'kuyeza m'bokosi lililonse, ndipo amalemba malo enieniwo ndi GPS. Pakhomo limodzi amayeza malo angapo: pamene ana amasewera, pakhomo lolowera m'nyumba, pophikira, m'dimba la ndiwo, ndi m'munsi mwa khoma pamene penti yakale imagwera. Manambalawo akaikidwa pa mapu, chithunzi chimaoneka. Ku Kabwe mapu anaonetsa kuti mtovu ndi wochuluka pafupi ndi mgodi, mbali imene mphepo imakonda kulowera, komanso m'mbali mwa ngalande yochokera kumgodi, ndipo umachepa munthu akamatalikira.

Mapu otere amathandiza kuti ndalama zochepa ziyambire pamene pali ngozi yaikulu. Pokonza, amapala dothi la pamwamba n'kukalitaya pamalo otetezedwa, kapena amalikwirira ndi dothi labwino, kudzala kapinga kapena kuwaka njerwa. Akamaliza amayezanso ndi makina omwewo kuti atsimikize kuti mlingo watsikadi, ndipo amabwereranso patapita miyezi kuona ngati fumbi latsopano silinagwenso. Kuyeza kamodzi n'kuchoka sikokwanira ngati gwero la fumbi likadalipo, ndipo limeneli ndi vuto la Kabwe mpaka pano.

Sikuti mzinda uyenera kukhala ndi mgodi kuti ukhale ndi vutoli. Ku Thiaroye-sur-Mer, komboni ya mumzinda wa Dakar ku Senegal, anthu ankaswa mabatire akale a galimoto ndi kusefa dothi kuti apeze mtovu wogulitsa. Pakati pa 2007 ndi 2008 ana 18 anamwalira. Ku Owino Uhuru mumzinda wa Mombasa ku Kenya, fakitale yosungunula mabatire inadwalitsa anthu okhala moyandikana nayo, ndipo mayi wina, Phyllis Omido, anamenya nkhondo mpaka inatsekedwa.

Zimene makinawa sangathe

Ophunzira a sayansi mudziwe kuti chida chilichonse chili ndi malire. Choyamba, XRF imaona pamwamba pokha, mamilimita ochepa. Mtovu wokwiririka pansi suoneka pokhapokha mutakumba. Chachiwiri, dothi lonyowa limapereka nambala yotsika kuposa yeniyeni, n'chifukwa chake oyeza osamala amayamba aumitsa dothi ndi kulisefa. Kusefako kulinso ndi phindu lina, pakuti fumbi losalala ndi limene limamatirira m'manja mwa mwana. Chachitatu, poizoni wina wotchedwa arsenic amabweza cheza cha mphamvu yoyandikana kwambiri ndi 10.5 ya mtovu, motero makina ayenera kuyang'ananso pa 12.6 kuti asasokoneze ziwirizi. Chachinayi, tsiku lililonse makina ayenera kuyesedwa pa dothi limene mlingo wake ukudziwika kale, ndipo zina mwa zoyezedwa zimatumizidwabe ku labotale kuti atsimikize.

Madzi akumwa sayezedwa ndi XRF. Malire a WHO ndi mamaikologalamu 10 pa lita, mlingo wochepa kwambiri moti makinawa sangauone. Madzi amafuna zida zina kapena labotale. Komanso cheza cha X-ray n'choopsa chikalozedwa pa munthu, choncho wogwira makinawa amayenera kuphunzitsidwa ndi kukhala ndi chilolezo. Mtengo wake ndi madola masauzande ambiri, si chinthu choti sukulu ngati yathu ingagule payokha.

Pali kachida kena kotchipa, kathonje ka mankhwala kamene kamasanduka kofiira kakakhudza mtovu wambiri. Kamathandiza pa penti, koma sikanena kuchuluka kwake, ndipo nthawi zina kamaphonya.

Poyeza magazi pali makina ena am'manja, otchuka kwambiri ndi LeadCare II. Namwino amabaya chala, amatenga kadontho ka magazi, ndipo yankho limatuluka pa mphindi zitatu. Makinawa amawerenga kuyambira 3.3 mpaka 65. Ku Kabwe ana ena anapitirira pamene makinawa amalekezera, moti magazi awo anayenera kuyezedwanso mwanjira ina. Chala chiyenera kusambitsidwa bwino ndi sopo asanabaye, apo ayi fumbi la pakhungu limakweza nambala, ndipo yankho lokwera amalitsimikiza ndi magazi a mumtsempha.

Nkhani yolimbikitsa ya ku Bangladesh

Ku Bangladesh ofufuza a pa Stanford University ndi bungwe la icddr,b anadabwa kupeza mtovu wambiri m'magazi a amayi oyembekezera a kumidzi kumene kulibe migodi kapena mafakitale. Atayeza zinthu zosiyanasiyana za m'nyumba anapeza kuti gwero lalikulu linali chikasu chothira m'ndiwo. Ena okonza chikasu ankachipaka utoto wachikasu wa mtovu kuti chiwale ndi kugulidwa msanga. Mu 2019 bungwe la boma loona za chakudya linachenjeza anthu, ndipo akuluakulu ake analowa mumsika waukulu mumzinda wa Dhaka atanyamula XRF. Ankayeza matumba pamaso pa eni ake ndi ogula, n'kulanda ndi kulipiritsa pomwepo. Mu 2019 chikasu 47 pa 100 chilichonse choyezedwa m'misika chinali ndi mtovu. Pofika 2021 sanapezenso. Wogulitsa akadziwa kuti chinyengo chake chingaonekere pa mphindi imodzi anthu akuonerera, amasiya.

Nanga kwathu kuno?

Kuno tilibe mgodi ngati wa Kabwe, koma njira zina zilipo. Petulo wa mtovu anasiya kugulitsidwa m'maiko a kumwera kwa Sahara kumayambiriro a 2006, ndipo dziko lomaliza padziko lonse, Algeria, linasiya mu 2021. Komabe umene unagwera m'mbali mwa misewu yodutsa magalimoto ambiri ukadali m'dothi.

Njira yachiwiri ndi penti ya mafuta, makamaka yachikasu, yofiira ndi yobiriwira. Malire amene maiko ambiri amatsata ndi 90 ppm. Bungwe la Lead Exposure Elimination Project litayeza penti ya m'masitolo a m'Malawi muno cha m'ma 2020 ndi 2021, linapeza kuti yoposa theka ya penti ya mafuta imene linayeza inapitirira malirewo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards linachitapo kanthu ndipo opanga penti anayamba kusintha. Koma penti imene inapakidwa kale pa mawindo, zitseko, madesiki ndi makatungwe ikadali pomwepo, ndipo ikamakanganuka imasanduka fumbi.

Njira yachitatu ndi mabatire. Sola yachuluka, ndipo batire ikafa anthu ena amaiswa kuseri kwa nyumba, kutaya asidi pansi ndi kusungunula mtovu pa mbaula kuti agulitse kapena apangire zolemetsa maukonde. Malo amenewo amakhala oopsa kwa zaka zambiri. Mapoto osula kuchokera ku zitsulo zakale za galimoto nawonso apezeka ndi mtovu m'maiko angapo kumene anayezedwa. Amayi oyembekezera amene amadya dothi akumbukire kuti sadziwa kumene dothilo linakumbidwa.

Tibwerere ku wanja

Kupaka wanja wa ithmid kunatchulidwa ndi kuyamikiridwa m'mahadith, ndipo palibe amene akutsutsa zimenezo. Funso ndi lakuti, chimene chili m'kabotolo kamene tagula pamsika kapena kamene m'bale watibweretsera kuchokera kuulendo n'chiyani? M'maiko ambiri kumene wanja anayezedwa, wambiri anapezeka kuti ndi mwala wa mtovu wotchedwa galena woperedwa, ndipo m'mabotolo ena mtovu unapitirira theka la ufa wonse. Mwalawu ndi wakuda monyezimira, wofanana kwambiri ndi umene anthu amafuna, ndipo mawu olembedwa pa botolo, ngakhale a Chiarabu, si umboni wa zimene zili m'katimo. Mtovu wa m'wanja umatsika ndi misozi kudzera m'kanjira kopita m'mphuno mpaka kukhosi, komanso mwana amatikita maso n'kuyamwa zala. Chipembedzo chathu sichilamula munthu kudzivulaza kapena kuvulaza mwana wake, ndipo kupaka wanja si chikakamizo. Pempho langa kwa amayi ndi agogo ndi lakuti wanja amene sanayezedwe asapakidwe m'maso, pankhope kapena pamchombo pa khanda, ndipo amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amupewe.

Zimene tingayambe lero

Pakhomo, ana asambe m'manja ndi sopo asanadye. Pansi tizikolopa ndi nsalu yonyowa, ndipo posesa pabwalo tiziyamba tawaza madzi. Nsapato zizitsala pakhomo monga tinazolowera kale. Amene amagwira ntchito ya mabatire, yowotcherera kapena yopenta asinthe zovala ndi kusamba asananyamule mwana, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha. Batire yakufa isaswedwe pakhomo. Mwana wanjala amayamwa mtovu wambiri, ndipo amene akupereweredwa ayironi ndi kashiamu amayamwanso wambiri, choncho usipa ndi matemba odyera limodzi ndi minga yake, nyemba, bonongwe, malambe ndi magwafa zimathandiza. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo koma sikuchotsa mtovu. Amene akukayikira za mwana wake apite naye kuchipatala ndipo afotokozere adokotala ntchito imene imachitika pakhomopo.

Kwa a komiti, ndikupempha zinthu zitatu. Tikamagula penti ya makalasi, madrasa ndi mzikiti, tizifunsa yopanda mtovu, ndipo pamene n'kotheka tizisankha ya madzi. Penti yakale isapalidwe youma ana ali pafupi. Anyowetse kaye, zogwazo azitolere ndi kuzitaya kutali. Chachitatu, tilembe kalata ku ofesi ya zaumoyo ndi ya zachilengedwe ya khonsolo yathu, komanso ku Malawi Bureau of Standards, kufunsa njira yoyezetsera dothi la bwalo la sukulu, penti ya m'makalasi a ana aang'ono ndi wanja amene amagulitsidwa m'dera lathu.

Ophunzira a Fomu 3 avomera kuyamba ntchito imene sifuna makina. Ajambula mapu a sukulu ndi malo ozungulira, n'kulembapo pamene penti ikukanganuka, pamene pamakonzedwa mabatire, ndi pamene ana aang'ono amakonda kusewera. Sakagwira kapena kutola kanthu, angoona ndi kulemba. Tsiku limene woyeza adzabwere ndi makina ake, adzapeza tikudziwa kale pamene ayambire. Makolo amene ali ndi wanja kunyumba ndipo akufuna kuti adzayezedwe nawo, amusunge m'botolo lake lotseka bwino, patali ndi ana, ndipo andidziwitse kudzera ku ofesi ya sukulu.